Rauta Yomwe Ndinakana Kubweza M'katoni

Ana anga, za ubwana wanga ku Kaomba mwazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa ine. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndikudziwa kuti anzanu akakufunsani zomwe mayi anu ankagwira mumangoti "za mawaya", kenako n'kusintha nkhani. Chabwino. Lero mumva za mawayazo, mufune musafune.

Chaka chomwe ndinalembedwa ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa lamya, pa kampani ina ya fodya pa Boma la Kasungu. Anandiika m'kachipinda kopanda zenera, kutsogolo kwa thabwa la mabowo ndi tizingwe, kuti ndizilumikiza bwana ndi kumaesiteti, kumaesiteti ndi kulikulu ku Lilongwe. Munthu wa pa lamya sakumbukiridwa mawu akamamveka bwino, koma waya ukangoduka aliyense amadziwa dzina lake ndi mfunda womwe. "NaMbewe, mwatani kodi?" ngati kuti ndine ndagwetsa mtengo ku Chisemphere. Zimenezi zinkandipsetsa mtima, ndipo mkwiyowo ndi umene unandiphunzitsa ntchito. Okonza mawaya akabwera kuchokera ku Lilongwe ndinkawatsata pambuyo, kuwagwirira makwerero, kuwafunsa mafunso mpaka atatopa nane. Bambo anu ankati tsiku lina ndidzagwa pamtengo wa lamya, iwo adzasowa chokanena kwa amalume anga.

Makompyuta atafika, thabwa lija analizula. Anzanga ena anapita kokataipa, ena anabwerera kunyumba. Ine ndinakalowa kwa manijala wa nthawi imeneyo n'kuwauza kuti zingwe ndi zingwe basi, anditumize ndikaphunzire zatsopanozo. Anaseka, koma ananditumiza, mwina pofuna kuti ndiwachokere pakhomo. Patapita zaka, netiweki yonse ya kampani ku Kasungu inali m'manja mwanga: ofesi ya pa Boma, ndi madepoti a ku Kaomba, ku Mtunthama ndi ku Chisemphere, kumene alimi amalandira feteleza mvula ikagwa ndi kubweretsa mabelo m'nyengo yogulitsa.

Kuti mumvetse zomwe zikubwerazi, dziwani mmene zinthu zinkayendera. Mayina a alimi onse anali mu kompyuta yaikulu kulikulu. Kalaliki wa ku depoti sakanatulutsa ngakhale thumba limodzi la feteleza kompyuta imeneyo isanavomere. Funso lake linkachoka ku depoti pa wailesi yolumikiza makompyuta, kufika ku ofesi yathu pa Boma, n'kutulukira pa rauta kupita ku Lilongwe, ndipo yankho linkabwerera njira yomweyo. Rauta ndi kabokosi kosagwira maso, kokhala ndi timagetsi tophethira, koma ndiko chipata cha zonse. Kompyuta iliyonse imauzidwa adilesi imodzi yokha ya chipatacho, ndipo chilichonse chopita kunja imachiponya kumeneko osafunsa ngati kuli moyo. Rauta ikafa, makompyuta amakhala ali bwinobwino koma palibe chotuluka. Ife tinali ndi imodzi yoyaka, ndipo ina, yatsopano, inali m'katoni kusitolo ya kampani.

Sitoloyo inali ya a Mwale, mkulu wa mpingo, munthu woti makiyi ankawamangirira ku lamba ndi chingwe cha nsapato. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo linachokera ku zipangizo za mathirakitala: chatsopano chimatuluka pokhapokha wabweretsa chakufa. Ukafuna lamba wa jenereta, bweretsa woduka. Ukafuna babu, bweretsa wopsa. Lamuloli ndi limene linathetsa kuba pakampanipo, ndipo m'zaka zonse za a Mwale sipanasowe ngakhale msomali. Ine ndemwe ndinkaliyamikira. Rauta ija inakhala pashelefu pakati pa matayala ndi mapampu opoperera mankhwala, ikudikira kuti inzake ife.

Disembala wa mphezi yoyamba

Inzakeyo inafa m'mawa wina, alimi atangomaliza kuwokera fodya. Mphezi inagunda mitengo ya lamya kumsewu, moto wake n'kuyenda m'chingwe mpaka mu ofesi. Nditalowa ndinamva fungo la pulasitiki wopsa, timagetsi tonse tili zii. Sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinanyamula mtembowo, monga mwa lamulo, kupita nawo kusitolo. Ndinapeza loko. A Mwale anali atanyamuka mbandakucha kupita ku maliro a mlamu wawo ku Kaomba, makiyi ali ku lamba.

Manijala wathu panthawiyo anali a Chirwa, a kumpoto kwa boma lino, munthu wachilungamo koma wosagwedezeka. Akakwiya kapena akadandaula, Chitumbuka chinkatulukira m'Chichewa chawo.

"Bwana, tithyole loko," ndinatero.

"Yayi, mama. Loko wa kampani sathyoledwa mwini wake ali moyo."

"Ndiye titumize galimoto ikatenge makiyi."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Munthu ali pasiwa, mkazi wake akulira mlongo wake, ife tikamukodole kuti tipatseni makiyi? Mukapite ndinu?"

Sindinapite. Nanenso ndine wa ku Kaomba, ndipo ndikudziwa mmene anthu akanandionera. Tinadikira mpaka maliro anaikidwa, a Mwale n'kutsalanso kukambirana za ana amasiye, poti ndiwo anali wamkulu wodalirika. Atabwera anatsegula sitolo mosachedwa, n'kupepesa kwambiri, ine n'kukhala pansi kulemba mu rauta yatsopano zonse zomwe zinali mu yakufayo. Kwa masiku onsewo, m'madepoti simunatuluke thumba.

Netiweki itadzuka ndinakwera lole ya feteleza kupita ku Chisemphere kukaona wailesi ya kumeneko. Pakhonde la depoti ndinapeza ngolo zambiri, ng'ombe zitagona m'matope. Mayi wina wachikulire, amene anthu ankamutcha NaBanda, anandigwira chitenje.

"Ndinu a makinawa?"

"Ndine, mayi."

"Ngoloyi si yanga, ndabwereka kwa alamu anga, ndipo ayamba kundiyankhula ndi kumbali kwa mlomo. Ndabwera, ndabwerera. Ndabweranso, ndabwereranso. Matumba ndikuwaona apo ndi maso angawa. Kalalikiyu akundidziwa, amayi ake tinkatunga limodzi madzi. Koma akuti ku Lilongwe sikukuyankha." Anandisiya chitenje n'kuloza kumadzulo. "Fodya wanga wayamba chikasu. Mukawauze a ku Lilongwewo kuti fodya sadikira."

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo ndisanatsike pa lole pobwerera. Palibe anaba, palibe anachita ulesi, aliyense anatsata lamulo ndi mwambo, koma munda wa mayi uja unakhala wopanda feteleza panthawi yomwe unkamufuna. Ndinadziuza kuti ndikadali pa ntchito imeneyi, mlimi wa ku Chisemphere sadzabwereranso ndi ngolo yopanda kanthu chifukwa cha kabokosi kamodzi. Likulu linatitumizira rauta ina ya m'malo mwa yakufayo mvula itatha, ndipo a Mwale anailandira n'kuiika pashelefu pomwe paja.

Chilimwe chotsatira

M'chilimwe chimenecho kampani inanditumiza ku maphunziro aafupi ku Lilongwe. M'kalasimo ndinali mkazi ndekha, komanso ndekha wa imvi. Tsiku lina mphunzitsi anajambula mabokosi awiri pabolodi, pamwamba pake n'kulemba adilesi imodzi. Njirayo akatswiri amaitchula ndi zilembo zakuti VRRP, ndipo pali zina zofanana nayo, koma nzeru yake ndi yosavuta. Marauta awiri amayaka onse pamodzi. Iliyonse ili ndi adilesi yakeyake, koma palinso adilesi yachitatu, ya chipata, yomwe si ya mmodzi mwa iwo. Makompyuta amangodziwa yachitatuyo. Rauta yomwe yapatsidwa nambala yaikulu ndiyo imanyamula adilesi ya chipatayo n'kumagwira ntchito yonse, ndipo sekondi iliyonse imatumiza kauthenga kwa inzake konena kuti ilipo. Zili ngati alonda awiri a pachigafa, wina akamaimba mluzu kuti mnzake adziwe kuti ali maso. Mluzu ukasiya kumveka, wachiwiri safunsa chilolezo kwa munthu, amangoima pachipata. Rauta yachiwiri imatenga adilesi ija m'kuphethira kwa diso, n'kulengeza pa netiweki kuti zopita kunja zizibwera kwa iyo, ndipo kalaliki wa ku depoti sasintha kanthu pa kompyuta yake.

Ndinabwerera ku Kasungu mtima uli m'mwamba, ndipo a Chirwa anauthira madzi ozizira tsiku lomwelo. Iwo sanali munthu wosamva. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anandifunsa mafunso abwino, kenako anapinda manja.

"Mama NaMbewe, mukudziwa kuti ndalama zakunja zikusowa. Yomwe ili kusitoloyo tinaidikira mvula yonse. Mukaiyatsa, mphezi ikabwera idzadya ziwiri. Ndiye tidzatseka madepoti mpaka liti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ili m'katoni ija ndi yathu. Yoyaka ndi ya mphezi."

A Mwale, amene anali pomwepo, anawonjezera motsitsa mawu: "Mapanga awiri avumbwitsa, mayi. Komanso ine ndilemba chiyani? Chatsopano chatuluka, chakufa palibe."

Mantha awo anali oona, ndipo ndikufuna ana anga mudziwe zimenezo. Sindinkalimbana ndi zitsiru. Ndinapita kukaganiza, n'kubwerera ndi yankho pa chilichonse. Yachiwiri sikhala mu ofesi ndi inzake, ikhala m'kachipinda ka kuseri kwa shedi ya mabelo. Ikhala ndi soketi yake, batire lake, ndi chitsulo chake chokhomera pansi chothawitsira mphezi. Sidzagwiritsa chingwe cha pamitengo chija, idzatulukira pa netiweki ya mafoni a m'manja. Pakati pa nyumba ziwirizo tidzakumba ngalande n'kuyala chingwe chagalasi, chomwe moto wa mphezi suyendamo. A Chirwa ankati amva. Lolemba lililonse pamsonkhano wa akuluakulu a nthambi, akafunsa ngati pali zina, ine ndinkakweza dzanja. Zinafika poti ndikangosuntha mpando anthu ankayamba kuseka, ndipo wa zamagalimoto anandipatsa dzina lakuti Mayi Marauta. Sindinasiye.

A Chirwa anagonja zigafa zitakhala kale zopanda kanthu, nazale zitayamba kubiriwira kumadimba. Likulu linali litavomera njira yachiwiri ya mafoni ija, ndipo a Chirwa anatopa ndi nkhope yanga.

"Itengeni," anatero. "Koma mvula ikayamba, kukangogunda, muziizula n'kuibweza kwa a Mwale mpaka kutacha."

"Bwana, nthawi yomwe kukugundayo ndi imene ikufunika. Zimenezo sindilonjeza."

"Tidzaona Disembala," anatero, n'kutsegula nyuzipepala.

A Mwale anandipatsa katoniyo ndi manja awiri, nkhope ili yakugwa ngati akupereka mwana wawo kubanja lomwe sakulikhulupirira. Katoni yopanda kanthu anaisunga.

Ndinkayesa zonsezi Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ofesi ili pululu, bambo anu akudandaula kuti akwatira kampani. Kuyesa koyamba kunayenda bwino: ndinazula pulagi ya rauta yoyamba, yachiwiri n'kutenga chipata ndisanawerame n'komwe kuyang'ana pa laputopu. Koma safunsa anadya phula. Ndinadzifunsa kuti nanga rauta ikakhala moyo, njira yake yakunja n'kufa? Ndinabweza pulagi, n'kuzula chingwe cha ku Lilongwe chokha. Zonse zinaima. Yoyamba inkapitirizabe kuuza inzake kuti ilipo, inzakeyo n'kukhala phee mwaulemu, pamene kunja sikunkatuluka kanthu. Ndinaiphunzitsa yoyambayo kumayang'anira njira yake: izigogoda ku Lilongwe kosalekeza, ndipo kukapanda kuyankha, idzitsitse yokha nambala yake kuti inzake iipose n'kutenga chipata. Vuto lina linabwera ndi magetsi athu ophethiraphethira aja. Yoyamba ikangodzuka inkalanda chipata nthawi yomweyo isanakhazikike, n'kugwanso, n'kulandanso, makalaliki n'kumandiimbira kuti makina akuchita chibwibwi. Ndinailamula kuti ikadzuka izidikira kaye, ione kuti njira yake yalimbadi, kenako ndiye itenge malo ake.

Disembala winanso

Mvula inabwera bwino chaka chimenecho, alimi anawokera pamodzi, ndipo onse anafuna feteleza sabata imodzi. Tsiku lomwe ndikunenali, a Kamanga, kalaliki wamkulu wa ku Chisemphere, anaimba m'mawa kunena kuti ngolo zafika mpaka kumsewu. Chakumasana kumadzulo kunada bii. Mphepo inayamba kukweza malata a shedi, ndipo kugunda koyamba kunamveka chakutali. Ine ndinali m'kachipinda ka kuseri kwa shedi kaja ndikuyang'ana batire. Nditasuzumira panja ndinaona a Chirwa akudutsa pabwalo, a Mwale ali pambuyo pawo atanyamula katoni.

Ndinatuluka n'kuima pakhomo. Pansi pa shedi panali onyamula mabelo, madalaivala ndi amayi osesa, onse atathawa mvula, ndipo onse anatembenuka.

"Mama, nthawi ija yakwana," anatero a Chirwa. "Zulani."

"Bwana, ku Chisemphere kuli mzere."

"Yoyamba ikugwira ntchito. Mzere uyenda. Iyi ilowe m'katoni mpaka mtambowu udutse."

"Yoyamba ikafa mtambowu uli pamutu, ine ndidzayamba kumasula katoni, kulumikiza zingwe ndi manja onyowa, kukuwala ziphaliwali. Ndipo ikapsa ndi njira ya pamitengo ija, ya m'katoni siithandiza kanthu. Ng'ombe za anthu sizigona ku depoti kawiri chifukwa cha ine."

"Zikapsa zonse ziwiri?"

"Ndachita zonse zomwe ndikudziwa kuti zisapse pamodzi. Kulumbira sindingalumbire."

"Ndiye mukutchova juga ndi katundu wa kampani."

"Tonse tikutchova, bwana. Inu mukutchova ndi minda ya anthu."

Mawu amenewo anatuluka okha, ndipo pansi pa shedi panamveka kakuti "ii!" A Mwale anayang'ana pansi. A Chirwa anayandikira n'kutsitsa mawu, kuti ena asamve.

"NaMbewe, mwatsala pang'ono kupuma. Ana anu ali kusukulu. Ine ndine manijala pano, ndipo ndakuuzani pamaso pa antchito anga. Chonde, patukani pakhomopo. Musataye zaka zonsezi chifukwa cha kabokosi."

Ndinachita mantha, sindikubisirani. Ndinaganiza za iwe Chikondi, amene unali utangoyamba kumene ku koleji, ndi za nyumba yathu yomwe inali isanafoleredwe. Ndinkadziwanso kuti munthu ameneyu sankandida, ankangochita zomwe ankaona kuti n'zoyenera. Koma ndinali nditaona ngolo zija m'matope ndi maso anga, ndipo iwo sanazione.

"Bwana, ndimakulemekezani," ndinatero. "Mukafuna kuizula, muizule ndi dzanja lanu. Langali silizula. Ndipo ndikupemphani kuti musatero."

Ndinapatuka pang'ono, khomo n'kukhala lotseguka. A Chirwa analowa. Anaima patsogolo pa kabokosiko, dzanja lili pa pulagi, osakoka. Mvula inayamba kukhuthuka pamalata moti munthu sakanamva mnzake. Tinakhala choncho, iwo atawerama, ine ndili pakhomo, a Mwale akutchinga katoni ndi jekete lawo kuti isanyowe.

Kenako kunang'anima koyera mbee, kugunda n'kubwera nthawi yomweyo, pansi n'kunjenjemera. Mayi wina pansi pa shedi anakuwa kuitana Yesu. Magetsi anazima, batire n'kuyamba kulira kakulira kake. A Chirwa anali atachotsa dzanja pa pulagi, atalibisa kukhwapa. Timagetsi ta rauta yachiwiri tinali tikuphethirabe.

Ndinatsegula laputopu. Rauta yoyamba inali moyo pa batire la mu ofesi, koma ku Lilongwe sikunkaiyankha, ndipo inali itadzitsitsa yokha monga ndinaiphunzitsira. Adilesi ya chipata inali pa yachiwiri. Mlonda anabwera akuthamanga mumvula kudzanena kuti mu ofesi mukununkha chopsa. Kanali kabokosi ka akampani ya lamya, pomwe chingwe cha pamitengo chimalowera m'nyumba, katada ngati khala.

"Imbani ku Chisemphere," anatero a Chirwa. "Imbani, timve."

Ndinaimba pa foni ya m'manja n'kukweza mawu kuti onse amve. Inalira nthawi yaitali. A Kamanga atayankha, kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la anthu ndi kulira kwa ng'ombe.

"A Kamanga, ndine NaMbewe. Zikuyenda bwanji kumeneko?"

"Zikuyenda bwanji chiyani?"

"Makina. Sanaime?"

"Anangotsokomola pang'ono n'kupitiriza. Mayi, pali china? Ndili ndi anthu pano, aliyense akufuna amange thumba lake mtsinje usanadzaze. Mudzaimbe mawa." Anadula.

M'moyo wanga wonse wa ntchito sindinasangalalepo ndi mwano ngati tsiku limenelo. Ndinakhala pansi pa mpando wa pulasitiki n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. A Mwale anayang'ana katoni yawo yonyowa m'mbali, anayang'ana a Chirwa, n'kufunsa mwaulemu ngati angaibweze kusitolo. A Chirwa anatuluka mumvula osafunda kanthu, kubwerera ku ofesi. Akampani ya lamya anachedwa kudzakonza chingwe chawo, poti mitengo inagwa m'malo ambiri, ndipo feteleza yense wa madepoti athu chaka chimenecho anatulukira pa rauta ya kuseri kwa shedi.

Januwale wotsatira

Anandiitana chaka chatsopano chitangolowa. Ndinawapeza ataima pazenera, ndipo anandiuza kuti ndikhale, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri.

"Ntchito munagwira makora, mama," anatero. "Ndanena zomwezo kulikulu, ndipo akuti achita chimodzimodzi m'maboma ena. Koma munandikana pamaso pa antchito. Mawa dalaivala akandikana, adzati NaMbewe anakana ndipo sizinamuchitire kanthu. Pano pali anthu ambiri oti ndiwayendetse."

"Ndikumva, bwana."

"Sindikuchotsani. Mupita ku depoti ya ku Mtunthama mpaka mudzapume. Pano likulu litumiza munthu wina."

Ku Mtunthama kunali makompyuta ochepa ndi wailesi imodzi, ntchito yoti munthu n'kuimaliza tiyi asanazizire. Kunali kunditsitsa, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chingwe chilichonse pa ofesi ija ndinachiyala ndi manja anga, ndipo ndinkafuna kudzatsanzikira pamenepo. Ndinaganiza zokadandaula kulikulu. Koma munthuyo sananame: ndinawakanadi, ndipo pamaso pa anthu. Ndinaimirira, n'kukonza chitenje.

"Ndipita, bwana. Ndifunse chimodzi chokha. Yachiwiri ija?"

Anayang'ana panja pomwe mtambo wina unkasonkhana kumadzulo.

"Ikhala yoyaka," anatero. "Mvula ndi dzuwa lomwe."

Ndinathokoza, n'kutuluka. Ndinapita kunyumba kukauza bambo anu kuti ayambe kufunafuna lole yonyamula katundu.